Ansembe a mvula: udindo wolemera kuposa ufumu

Mwezi wa November ukamatha mvula isanagwe, anthu a ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua amayamba kuda nkhawa. Masiku ano Akhristu amasonkhana m'matchalitchi kupempha mvula, Asilamu kumizikiti, ena makutu ali pa wailesi kudikira azanyengo. Kalelo makolo a dera lomweli ankathamangira kukachisi, kwa ansembe a Chisumphi, amene ndi Chauta. Ambiri amaganiza kuti ansembewo anali anthu amatsenga chabe. Koma mbiri ikuonetsa kuti unsembe wa Achewa unali ntchito yadongosolo, yokhala ndi malamulo okhwima, ndipo woinyozera ankalangidwa.

Aphiri ufumu, Abanda mvula

Pafupi ndi Mtakataka pali malo otchedwa Mankhamba, amene anali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopa n'kupeza mikanda, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, ndipo zimene anapezazo anazilemba m'buku lake la mu 2020. Zonsezi ndi umboni wakuti mudziwo unali wachuma ndi wamphamvu.

Komabe mwini mphamvu zonsezo analibe ulamuliro pa mvula. Mbiri imene akuluakulu amasimba imati Aphiri pofika kuno anapeza Abanda atakhazikika kale, ali ndi akachisi awo. Mafuko awiriwa anagawana ntchito: Aphiri anatenga ufumu, Abanda anasunga nsembe, mvula ndi chonde cha nthaka. Kalonga ankabadwa kwa mayi wotchedwa Nyangu, wa fuko la Phiri, koma mkazi wake wamwambo, Mwali, ankayenera kukhala wa kwa Banda. Motero mfumu sinkatha kulamula dziko popanda ansembe, ndipo ansembe ankadalira mfumu kuti iwateteze.

Makewana ndi omuthandiza

Kachisi wotchuka kuposa onse anali ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama m'boma la Lilongwe. Wamkulu wake anali mkazi, Makewana. Nkhani zake zinalembedwa ndi Samuel Ntara m'buku la Mbiri ya Achewa komanso ndi W.H.J. Rangeley mu 1952.

Udindo wa Makewana sunali wa pamtundu ngati ufumu. Iye akamwalira, anthu ankadikira mkazi amene mzimu wamugwira n'kuyamba kubwebweta, ndipo akuluakulu a pakachisi ankamuyesa ndi mafunso kuti atsimikize. Akavomerezedwa, moyo wake sunalinso wake. Sankakwatiwa, chifukwa anali mkazi wa Chisumphi. Sankameta tsitsi, poopa kuti mvula ingaduke. Ankavala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. Chilala chikavuta ankapita kudziwe lopatulika lotchedwa Malawi kukapempha mvula m'malo mwa dziko lonse.

Ntchito yonseyi sankaigwira yekha. Kamundi, wa fuko la Mbewe, ankaimira Thunga, njoka yopatulika, pa miyambo yotsekulira chonde. Matsano anali akazi otumikira pakachisi, ndipo nawonso sankaloledwa kukwatiwa nthawi yonse ya utumiki wawo. Tsang'oma ankasunga ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri, imene ikalira anthu ankadziwa kuti nthawi ya nsembe yakwana. Udindo wake unali woopsa, pakuti zolembedwa zimati nsembe ikaperekedwa mvula osagwa, mlandu unkagwera iyeyo, mpaka ankatha kuphedwa. Lamulo limeneli linali lankhanza ndipo palibe angalilakelake lero. Koma likutiuza kuti anthu sankalola kuti wotumikira pakachisi azingodya za nsembe osayankhapo kanthu zinthu zikalakwika.

Pa Msinja sipankaloledwa kukhetsa mwazi. Wobwera ndi uta kapena mkondo ankausiya kutali, ndipo wothawirako ankapeza chitetezo.

Nsembe ya pamudzi

Kupatula akachisi akuluakuluwo, midzi inali ndi tiakachisi take, tinyumba tating'ono tofolera ndi udzu, kawirikawiri patsinde pa mtengo waukulu. Tsiku la nsembe lisanafike, amayi ankafulula mowa ndi kusinja ufa, ndipo mudzi wonse unkadika: mabanja ankapewa kukhalira malo amodzi kuti nsembe isaonongeke. Amene anali ndi mangawa ankayenera kukhululukirana kaye. M'mawa wa tsikulo pakachisi ankasesapo bwino. Wotsogolera ankagwada, n'kuthira ufa pansi pang'onopang'ono, kenaka mowa wa m'chipanda, uku akutchula mayina a makolo mmodzimmodzi, anthu onse atakhala pansi akuomba m'manja mwaulemu. Pempho lake linali lachindunji: ana ali ndi njala, mbewu zikufota, tipatseni mvula.

Choncho wansembe anali mkhalapakati wa anthu ndi Chauta, komanso woyanjanitsa anthu okhaokha. Analinso mlonda wa chilengedwe, chifukwa m'nkhalango ya kachisi, monganso kumanda, munthu sankalowamo ndi nkhwangwa.

Ansembe atsopano ku Mua

Dongosololi linagwedezeka m'zaka za m'ma 1800 ndi nkhondo za Angoni komanso malonda a akapolo. Kachisi wa ku Msinja anapasulidwa, ndipo kuchigwa cha Mtakataka kunakhazikika Angoni a Kachindamoto. Mu 1902 ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers anatsekula mishoni ya Mua. Zaka zotsatira panabuka mikangano yaikulu pakati pa mishoniyo ndi anthu a gule wamkulu, mbali iliyonse ikulimbirana ana: awa akufuna apite kusukulu, awo kudambwe.

Chosangalatsa n'chakuti pamalo omwewo ndi pamene panadzaphuka ntchito yosunga miyamboyi. Mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, komanso zithunzi zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Wansembe winanso wa chipani chomwecho, J.W.M. van Breugel, analemba buku lonse lonena za chipembedzo cha makolo a Achewa. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira gule wamkulu ngati chuma cha anthu onse a padziko lapansi.

Zoti tiphunzirepo

Palibe akunena kuti tisiye matchalitchi ndi mizikiti n'kubwerera ku Msinja. Koma muyeso umene makolo ankayezera ansembe awo ngofunikabe. Wansembe ankadziletsa kuposa anthu ake, ankagawana udindo ndi anzake, ankatha kudzudzula mfumu, ndipo ankaweruzidwa poona ngati mudzi uli pamtendere ndiponso ngati nthaka ikubereka.

Lero mitengo ya m'mapiri a kumtunda kwa Mua, kuphatikizapo nkhalango ya Mua-Livulezi, ikutha ndi makala, ndipo mvula ikagwa yambiri mitsinje imasefukira n'kukokolola minda ya kuchigwa. Abusa, ansembe ndi mashehe a derali ali ndi anthu ambiri owamvera sabata iliyonse kuposa mlangizi aliyense wa zankhalango. Akamatsogolera mapemphero a mvula, aphunzitsenso kuti kuteteza nkhalango ndi magombe a mitsinje ndi gawo la chipembedzo, ndipo iwo eni akhale oyamba kudzala mitengo ndi kudzudzula oononga, ngakhale woonongayo atakhala mfumu kapena mkulu wa mpingo.