Za Khukhi wa kwa Azungu, ndi Mau Amene Anatisiyira

Mau akuti khukhi si a makolo athu ai. Anadza ndi Angelezi, ndipo cinenero cathu cinawalandira m'gulu la maina onga bambo, amene poculukitsa timangoika a- patsogolo: khukhi, akhukhi. Mphunzitsi aonetse ana kuti a- yemweyo ndiye wa ulemu, pakuti munthu mmodzi wa imvi timati akhukhi afika. Anzace a mauwa acokera kutali: bwana ku ciSwahili, dona ndi kapitao kwa Apwitikizi, dobi ku India. Koma tsukambale ndi wathuwathu, mneni ndi dzina zolumikizana monga m'mau akuti mpalamatabwa. Otsala ndi akuti boyi, amene Azungu ankaitanira ngakhale nkhalamba ya zidzukulu. Mau amenewo sayenera kumveka m'kamwa mwa mwana wa sukulu.

Pa mwambo wa Acewa mthiko ndi cipande nza mkazi. Mwamuna ankaphika paulendo pokha kapena kuuzimba. Nanga cinacitika nciani kuti m'makhichini a Azungu munadzaza amuna? Cifukwa cacikuru ndi msonkho. Mwamuna ndiye ankaturuka kukafuna ndalama, mkazi natsala ndi munda kwa amace. Ndiponso khukhi wa Bwana Disi anali wa paulendo, woyenda patsogolo ndi amtengatenga kuti bwana akamatsika m'macila apeze tiyi wawira.

Ku Lilongwe nchitoyi inayamba ndi boma, limene linakhazikika m'caka ca 1904. Inakula pamene Barron ndi Wallace anayamba fodya ku Mbabzi m'1920, ndi pamene Amwenye anacuruka ndi masitolo ao. Mnyamata ankalowa ngati tsukambale: kuwaza nkhuni, kutunga madzi, kukoleza citofu kusanace. Nzeru ankaziba ndi maso, popeza ambiri sanadziwe kuwerenga buku la zophika. Patapita zaka ankadziwa kutentha kwa uvuni pongolowetsa dzanja, ndipo kuthengo ankaumba buledi mumphika, makala pansi, makala pa cibvundikiro. Supu, nyama yoocha, zotsekemera za pambuyo pace, zonsezo zinali m'mutu. Iye mwini ankakadya nsima kuseri, ya ufa wa phoso, ndiwo zace nyemba.

Apa mpamene pali cobvuta. Kanyumba kace kanali kuseri kwa nyumba ya bwana, kacipinda kamodzi, ndipo kawirikawiri mkazi ndi ana ankakhala kumudzi. Munthu wolera ana a dona, wodziwa cimene aliyense akana kudya, ana ace a iye mwini ankawaona pa chuti cokha. Tsono kumbukirani cikamwini: mwamuna malo ace kwa mkazi amawasunga ndi khasu ndi nkhope yace. Wosoweka zaka makumi awiri ankabwera ngati mlendo kuukwati, ndipo kwao kwa mbumba yace ankapeza minda itagawidwa, milandu akuweruza ena. Atonga a ku Nkhata Bay ndi Ayao anachuka ndi ukhukhi kufikira ku Salisbury ndi Johannesburg, ndipo ambiri a iwo anasanduka machona.

Cuma cace ceniceni cinali kalata ya umboni, yopindidwa m'kacitini. Bwana akamabwerera ku Ulaya ankalembamo mau pang'ono, ndipo mau amenewo, amene mwini kalata mwina sankatha kuwawerenga, ndiwo ankatsegula kapena kutseka khomo lotsatira.

Tisayese kuti anthu awa anali ogona. Wa m'khichini amamva zonse ndi kuona zonse, za pagome ndi za kuseri komwe. John Chilembwe anayamba monga wa nchito za m'nyumba kwa Joseph Booth m'1892, nasamala mwana wace Emily pa matenda. M'1897 anamuka naye ku America, ndipo za 1915 mwana aliyense wa sukulu azidziwa.

Pamene dziko linalandira ufulu m'1964, Azungu ambiri a boma anacoka, ndipo khukhi wokalamba anataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi. Mphatso yotsazikira inali monga mwa mtima wa bwana. Ena anapeza malo ku Kawale ndi ku Biwi. Likulu litasamukira ku Lilongwe m'1975, amene anali ndi mphamvu analowa m'mahotela ndi m'nyumba za akazembe. Otopa anatsata ana ao ku Area 23, ku Area 25, ku Chinsapo ndi ku Mgona, kumene ena ankaumba masikono m'uvuni wa njerwa, ana nakagulitsa kumsika.

Kanyumba ka kuseri kaja dzina lace likalipo, boyizikota, ndipo lalowa m'gulu la nyumba ndi mbale: timati boyizikota yabwino, yace, iyi. Masiku ano eni nyumba amaibwereketsa pa lendi kwa akalaliki ndi ana a sukulu za ukacenjede.