Osambira Pansi pa Madzi Salowa Okha

Anthu a kuno ku Mzimba amene anafikako ku Nkhata Bay mwina anaonapo alendo akulowa m'nyanja atabereka mabotolo a mpweya kumsana, kupita kukaona mbuna m'miyala ya pansi. Masewerawa ali ndi lamulo losasintha: amalowa awiriawiri, ndipo asanalowe aliyense amayendera zida za mnzake. Pansipo palibe kuyankhula. Amamvana ndi zizindikiro za manja.

Chifukwa chake n'chakuti madzi amapanikiza thupi. Pa mamita 10 kupanikizako kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Munthu akamakwera, mpweya wa m'mapapo umafufuma, choncho amakwera pang'onopang'ono akupuma ndithu. Ongoyamba kumene saloledwa kupitirira mamita 18.

Koma chimene chikutikhudza kwambiri ife ndi kuzizira. Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mpweya, pafupifupi maulendo 25. Nyanja ya Malawi ndi yofunda chaka chonse. Damu la Luwawa pamwamba pa Viphya, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndi nkhani ina. Wogweramo amayamba ndi kubanika, kenaka zala zimauma, miyendo imalemera, ndipo nzeru zimasokonekera iye asakudziwa. Mnzake ndiye amaona msanga kuti zinthu zalakwika.

Anyamata athu osambira m'madamu ndi m'maiwe a South Rukuru alibe chovala cha mphira chimene alendo aja amavala. Wovuulidwa m'madzi ozizira muvuleni zonyowa, mumufunditse bulangete, ndipo muthamangire naye kuchipatala.