Mpira Unatha Pabwalo, Mkangano Unakapha Mitengo



Tonse tikudziwa kuti mpira sutha pamene woimbira waliza wezulo yomaliza. Osewera akatuluka m'bwalo, ochemerera ndiye amayamba wawo mpira wa pakamwa, m'basi, pamsika, kometetsa tsitsi, ngakhale pakhonde la mzikiti anthu akudikira Swalah. Mkangano umakula kweni-kweni ngati matimu anasiyana pang'ono, chifukwa wogonja amaona ngati nyama inali kale m'manja koma yachita kupulumuka. M'kope lino tikufuna tikutengereni ku America kuti timve nkhani yoona ya ochemerera matimu awiri amene anasiyana ndi pointi imodzi yokha, ndi kumene mkangano wawo unakathera.

Mpira wake ndi wotani?

Mpira umene anthu a ku America amaukonda koposa ndi wosiyana ndi wathu wa miyendo. Mpira wake ndi wosongoka mbali ziwiri, ndipo kawiri-kawiri amaunyamula kapena kuuponya ndi manja. Timu ili yonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, atavala zipewa zolimba chifukwa amagundana ndi kugwetsana. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mayadi 10, ndipo ikatero imapatsidwanso mwayi wina kanayi. Ikafika nawo kumapeto kwa bwalo, chimene iwo amachitcha touchdown, imapeza mapointi 6, ndipo kumenya mpira pakati pa mapolo pambuyo pake kumaonjezera pointi imodzi. Ikalephera kufika kumapetoko, ikhoza kungomenya mpira pakati pa mapolo ndi kupeza mapointi 3.

M'dera la Alabama, kum'mwera kwa dzikolo, mulibe timu ya mu ligi yaikulu ya NFL. Choncho mitima ya anthu ili pa matimu a ophunzira a mayunivesite awiri: University of Alabama ya mumzinda wa Tuscaloosa, ndi Auburn University ya mumzinda wa Auburn. Matimuwa anakumana koyamba m'chaka cha 1893. Atasewera m'chaka cha 1907 anasemphana mau pa nkhani ya ndalama za osewera ndi ya oimbira mpira, mpaka anakhala osakumananso kufikira 1948. Masewero awo a chaka ndi chaka amatchedwa Iron Bowl, chifukwa kwa zaka zambiri ankachitikira ku Birmingham, mzinda wodziwika ndi mafakitale a zitsulo. Owerenga amene anaonapo mzinda wa Blantyre tsiku limene Maule akumana ndi Manoma angamvetse pang'ono m'mene zimakhalira kumeneko.

Tsiku la 28 kwa 27

Pa 26 Novembala 2010 matimuwa anakumana ku Tuscaloosa, pamaso pa anthu oposa 100,000. Alabama ndiyo inali katswiri wa dziko lonse wa chaka chapitacho, pamene Auburn inali isanagonjepo chaka chimenecho, motsogozedwa ndi wosewera wamphamvu dzina lake Cam Newton.

Eni bwalo anayamba ngati moto wa m'chilimwe. Chigawo choyamba chisanathe anali patsogolo ndi 24 kwa 0, ndipo ochemerera awo anayamba kuvina ngati ntchito yatha. Koma Auburn inayamba kubweza pang'ono-pang'ono. Popita kokapuma zinali 24 kwa 7. Atangobwerako Newton anaponya mpira umene unayenda mayadi 70 mpaka kumapeto kwa bwalo. M'chigawo chonse chachiwiri Alabama inangopeza mapointi 3 okha, ndipo masewero anatha Auburn itapambana 28 kwa 27.

Apa ndiye mpira wa pakamwa unayamba. A ku Alabama ankati sanagonjetsedwe koma anachita kupereka okha. Ankakumbutsa kuti katswiri wawo Mark Ingram, munthu amene sankataya mpira wamba, anaphumitsidwa mpira akuthamangira kokagoletsa. Kuti Trent Richardson anagwetsa mpira ali pafupi kugoletsa. Ndiponso kuti Greg McElroy analandidwa mpira pafupi ndi golo asanapite kokapuma. Mwayi utatu umenewu unangobala mapointi 3. A ku Auburn ankayankha kuti mpirawo sunagwe wokha, anaugwetsa ndi anyamata awo amene sanataye mtima pamene zinthu zinali zitaipa, ndipo kuti timu yogoletsa mapointi 3 m'chigawo chathunthu ilibe wina womuloza chala.

Kufika pamenepa, abale, palibe cholakwika. Umenewu ndi mkangano wa mpira, uli ndi mfundo mbali zonse, ndipo anthu akhoza kuukamba uku akumwa tiyi ndi kusiyana akuseka. Vuto linabwera pamene nkhani inachoka pa mpira ndi kupita pa ulemu wa anthu.

Pa nthawiyo kunali mphekesera yoti bambo ake a Newton anapempha ndalama ku yunivesite ina kuti mwana wawo akasewere kumeneko, chinthu chimene chinali choletsedwa m'masewero a ophunzira. Masewero asanayambe, pa zimkuzamau za m'bwalo anaikapo nyimbo zomunyoza mnyamatayu, ndipo amene anachita zimenezi anachotsedwa ntchito. Bungwe loyang'anira masewerowa la NCAA litafufuza silinapeze umboni woti Newton mwini wake kapena Auburn anachita zolakwikazo. Komabe kwa ochemerera ambiri mau akuti "akuba" ndi "ogula osewera" anali atakhazikika kale pakamwa. Nawonso ena a ku Auburn anakaveka malaya a Newton pa chiboliboli cha Paul "Bear" Bryant, mphunzitsi wa timu ya Alabama amene anamwalira mu 1983 ndipo anthu ake amamlemekeza kwambiri.

Poizoni pa mizu

Mumzinda wa Auburn muli mphambano yotchedwa Toomer's Corner, polowera ku yunivesite. Pamenepo panali mitengo iwiri ikulu-ikulu ya mtundu wa oak, ya zaka zoposa 70. Timu yawo ikapambana, mabanja ankasonkhana pamenepo ndi kuponya mapepala a kuchimbudzi m'nthambi mpaka mitengoyo kuyera mbee. Kwa ife mwambowu ungaoneke wachilendo, mwinanso wosakaza, koma kwa eni ake mitengoyo inali ngati kachere wa pabwalo la mfumu, pamene agogo, makolo ndi ana anakulira.

Pa 27 Januwale 2011 munthu wina anaimba lamya ku pologalamu ya zamasewero ya pa wayilesi ya Paul Finebaum, kumene ochemerera amakanganirana tsiku ndi tsiku. Iye anadzitama, dera lonse likumva, kuti masewero aja atatha anapita ku Auburn ndi kukathira mankhwala akupha pa mizu ya mitengo ija. Akatswiri atayeza dothi anapezadi mankhwala amphamvu ophera zomera otchedwa Spike 80DF. Mu Febuluwale apolisi anagwira Harvey Updyke, bambo wa zaka 62 amene kale anali wapolisi ku Texas. Akulu-akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Zifukwa zimene iye anapereka zinali ziwiri: malaya aja anavekedwa pa chiboliboli, ndi nkhani yoti a ku Auburn anasangalala pa mitengoyo pamene Bryant anamwalira, nkhani imene umboni wake sunapezeke. Chodabwitsa n'chakuti bamboyu sanaphunzireko ku yunivesite ya Alabama. Mu 2013 anavomera mlandu, anakhala m'ndende, ndipo analamulidwa kulipira ndalama pafupi-fupi madola 800,000. Akatswiri anayesetsa kwa zaka ziwiri kupulumutsa mitengoyo koma zinakanika, ndipo inadulidwa mu Epulo 2013. Iye anamwalira mu 2020. Taonani, pointi imodzi m'masewero a ana a sukulu inachititsa munthu wa imvi kutaya ufulu, chuma ndi mbiri yake.

Matendawa ndi akale

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa amene tinaphunzira mbiri ya Aluya Chisilamu chisanafike. Mafuko a Abs ndi Dhubyan anabetcherana ngamila pa mpikisano wa akavalo awiri, Dahis ndi Ghabra. Dahis ali patsogolo, anthu a mbali inayo anamutchingira njira kuti Ghabra apambane. Mkangano wa amene wapambana unasanduka nkhondo imene olemba mbiri amati inatenga zaka pafupi-fupi 40. Umu ndi m'mene umakhalira mtima umene ma Ulama amautcha asabiyyah, kuikira kumbuyo gulu lako kaya lakhoza kaya lalakwa, ndi kuona a gulu lina ngati si anthu. Kale unkavala dzina la fuko, lero ukhoza kuvala malaya a timu.

Chisilamu sichinabwere kudzaletsa masewero. Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Mulungu zikhale pa iye) ankachititsa mipikisano ya akavalo, ndipo anapikisanapo liwiro ndi mkazi wake Aisha (RA): ulendo woyamba Aisha anapambana, patapita zaka Mtumiki (SAW) anabwezera, ndipo zonse zinathera m'kuseka. Koma phunziro lalikulu kwa ochemerera lili pa ngamila yake yotchedwa Al-Adhba, imene inali isanapitiriridwepo pa liwiro. Tsiku lina munthu wa kuchipululu anabwera ndi kangamila kakang'ono ndi kuipitirira. Ma Swahaba zinawawawa kwambiri, monga m'mene zimatiwawira ife timu yathu ikagonja. Mtumiki (SAW) sanafune-fune chifukwa, sananyoze wopambanayo, koma anawaphunzitsa kuti ndi dongosolo la Allah kuti chili chonse chokwezeka pa dziko lino tsiku lina chimatsitsidwa. Alabama inali katswiri mu 2009, inatsitsidwa mu 2010 ndi Auburn imene inakatenga ukatswiri wa dziko, ndipo chaka chotsatira Alabama inagonjetsa Auburn 42 kwa 14 ndi kukatenganso ukatswiriwo. Bambo uja akanadikira miyezi 12 yokha, akanaseka ali mfulu.

Surat Al-Hujurat, imene ana athu amaiphunzira ku madrasa, ikugwira nkhani yonseyi. Ikutilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu kuopa kupweteka anthu mwaumbuli, ndipo ikuletsa kuchitana chipongwe ndi kuitanana maina onyoza. Mukayang'ana bwino muona kuti poizoni wa pa mizu uja anayamba ndi zinthu ziwiri zomwezi: mphekesera yosafufuzidwa, ndi chipongwe chobwezerana. Ndipo za mitengo, tikudziwa kuti Mtumiki (SAW) anaphunzitsa kuti wobzala mtengo amalipidwa ngati wapereka sadaka pa chili chonse chimene munthu, mbalame kapena nyama yadyapo, ndipo Khalifa Abu Bakr (RA) analetsa asilikali ake kudula mitengo ya zipatso ngakhale pa nkhondo yeni-yeni. Nanga kuli bwanji pa mpira?

Mbali ina ya nkhaniyi

Tikanalakwa tikanasiyira pamenepa, ngati kuti anthu onse a ku Alabama ali ngati bambo uja. Nkhani ya mitengo itamveka, ochemerera Alabama ambiri anachita manyazi, ndipo ena anayambitsa gulu lotchedwa Tide for Toomer's limene linasonkha madola oposa 50,000 othandizira kupulumutsa mitengo ya adani awo a pa mpira.

Patangotha miyezi iwiri, pa 27 Epulo 2011, kamvulu-mvulu woopsa anadutsa pakati pa mzinda wa Tuscaloosa, kugwetsa nyumba zikwi-zikwi ndi kupha anthu oposa 40 mumzindawo. Pakati pa anthu oyamba kuthamangira kumeneko panali ochemerera Auburn, amene anayambitsa gulu lotchedwa Toomer's for Tuscaloosa ndi kutumiza magalimoto a madzi, chakudya ndi zovala. Pa tsiku limenelo palibe anafunsa mnzake za 28 kwa 27. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mitengo ina inabzalidwa pa mphambano ija mu 2015, koma mthunzi wa zaka 70 subwerera pa tsiku limodzi.

Nanga m'nyumba mwathu?

Ife amene timakhala ndi ana ku madrasa timaona kuti mwana amabwera ndi mau amene wamva kwa bambo ake kapena achimwene ake mpira utatha. Ngati kunyumba a timu ina amatchedwa agalu, mwanayo amakatchula mnzake wa pamphasa imodzi dzina lomwelo, mnzake amene asanathe ola limodzi aima naye phewa ndi phewa pa Swalah. Choncho tikupempha makolo zinthu zochepa.

Kambiranani za mpira ndi mfundo, monga anachitira anthu aja pa nkhani ya mwayi utatu wotayika. Zimenezi zimaphunzitsa mwana kuganiza. Koma nkhani ikayamba kulowa pa makolo a wosewera, pa mtundu wake, kapena pa kumunena woimbira mpira kuti wadya ziphuphu popanda umboni, dziwani kuti tachoka pa mpira ndipo talowa m'miseche ndi m'bodza. Musabetcherane ndalama, chifukwa juga ndi haramu, ndipo ndiyo inathira mafuta pa moto wa Dahis ndi Ghabra. Timu yanu ikapambana, musamutsekere mnzanu njira ndi chipongwe; ikagonja, mwana akuoneni mukupereka Salamu kwa mnansi wa timu inayo ndi nkhope yowala. Ndipo Adhana ikamveka mkangano uli pakati, usiyeni pomwepo. Ambiri mudzaona kuti potuluka mu mzikiti simukukumbukiranso pamene munalekezera.

Tikupempha Allah (Subhanahu Wa Taala) atiteteze ku malilime athu, ateteze ana athu ku chidani chopanda pake, ndipo alunzanitse mitima yathu pa zabwino. Ameen.