Injini ya Pikapu Yakale Ikatentha Mopyola Muyeso

Aliyense amene anakwerapo zitunda zoyambira pa Thabwa, pochokera ku Chikwawa kulinga ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, sangalephere kukumbukira mapikapu akale, kaya Hilux, kaya Isuzu KB, kaya Nissan Hardbody, ataima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, eni katundu ali piringupiringu kufunafuna chigubu cha madzi. Mawu amene amamveka msanga pamalo potero ndi akuti gasiketi ya hedi ya injini yapsa. Koma ine ndinena kuti chiweruzo chimenechi chimafulumira, pakuti kutentha kwa injini ndi chizindikiro chabe cha nthenda imene ili pena, ndipo akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafuta akamayaka m'kati mwa injini, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake llimasanduka kutentha koyenera kuchotsedwa ndi madzi. Pampu, imene imazunguzidwa ndi lamba, imakankha madziwo kudutsa m'tinjira ta m'thupi la injini. Akafika pa madigiri ngati 82, monga zikhalira m'mainjini ambiri akale a dizilo, kachitseko kotchedwa thermostat kamatseguka, nawalola kupita ku rediyeta, kumene mphepo imawaziziritsa asanabwererenso. Chivindikiro cha rediyeta, chimene ambiri amachipeputsa, chili ndi udindo waukulu, chifukwa sipuling'i yake imapanikiza madzi kuti asawire pa madigiri 100, koma apirire kufikira atayandikira 120. Labala wake akang'ambika, galimoto yopanda chilema china chilichonse imabwata pachitunda, ndipo mwini wake akhoza kutaya ndalama zochuluka pa nthenda imene chivindikiro chatsopano chikadachiza.

Geji yoonetsa kutentha kwa injini ikakwera kufika pofiira, imani pabwino, zimitsani injini, ndipo musayerekeze kutsegula chivindikiro, pakuti madzi opanikizika aja amatumphuka nasupula nkhope ndi manja. Musathirenso madzi ozizira m'injini yotentha, popeza chitsulo chodzidzimutsidwa chotero chimang'aluka. Ikazizira, yambani ndi zimene maso angathe kuona. Ngati madzi achepa, ndiye kuti ali ndi potulukira, ndipo potulukirapo pamasiya mzere woyera kapena wadzimbiri: polumikizira mapayipi, m'mphepete mwa rediyeta, kapena pa kabowo ka kunsi kwa pampu, kamene kamayamba kudontha pampuyo ikatopa. Dinikizani lamba ndi chala chachikulu. Akalowa kwambiri, kapena akakhala wonyezimira ndi wong'ambikang'ambika, ndiye kuti akuterereka.

Koma funso loposa onse, limene makaniko wanzeru amafunsa asanagwire sipanala, ndi ili: kodi imatentha nthawi yanji? Galimoto imene imatentha pamdipiti wa m'tauni, pamene ikukwawa pa Limbe kapena pa mlatho wa Lilongwe, koma n'kuzizira ikangopeza msewu woyera, ikunena yokha kuti ikusowa mphepo, ndipo wolakwa ndi fani. M'mapikapu ambiri akale fani imagwira ntchito ndi mafuta a silikoni amene ali m'kati mwa chigaza chake, ndipo mafutawo akatha, mapiko amazungulira mwaulesi. Mukaizunguza ndi dzanja, injini ili yotentha koma yozima, n'kuona kuti ikungopita yokha osalimba konse, yatha ntchito. Imene imatentha pothamanga, kapena pokwera Chiweta ndi katundu, ikunena zina: rediyeta yatsekeka, mwina kunja ndi matope, njere za udzu ndi tizilombo, mwina m'kati ndi dzimbiri ndi mchere wa madzi a pamjigo amene yakhala ikumwetsedwa zaka zambiri. Yendetsani chikhatho mosamala pankhope pake injini itazima, ndipo pamene pali pozizira pakati pa malo otentha, pamenepo madzi sakudutsa. Ndipo imene geji yake imathamangira pofiira mutangoyenda pang'ono, rediyeta ndi mapayipi ake zili zozizirabe, kawirikawiri thermostat yake yakakamira yotseka. Muichotse, muiponye m'poto wa madzi pamoto, ndipo ikapanda kutseguka madzi asanawire, mlandu watha.

Pano ndiyenera kudandaula za mwambo umene wafala m'magalaja athu, wochotsa thermostat n'kuitaya kutchire ponena kuti inapangidwira maiko a chisanu. Chimene chimachitika n'chakuti geji imatsika masiku angapo, mwini n'kukondwera, pamene rediyeta yotsekeka ija ikadali chitsekekere. Injini imachedwa kufunda m'mamawa, imamwa mafuta ambiri, niperepeseka msanga, ndipo m'mainjini ena madzi amayamba kuzungulira njira yachidule osafika konse ku rediyeta. Chimodzimodzi iwo amene amathira dzira kapena fodya m'rediyeta kuti atseke podontha: atseka bowo limodzi, natsekanso tinjira tambiri timene sitinalakwe.

Zonsezi zikapezeka zangwiro, ndi pamene tiyenera kutchula gasiketi, ndipo nayo ili ndi mboni zake. Tsegulani chivindikiro m'mawa injini isanatenthe, muilize, ndipo mukaona thovu likutuluka mosalekeza, kapena, chivindikirocho chili chotseka, payipi yapamwamba ikuuma gwa nthawi yomweyo, utsi woyera ukutsatirani ngakhale masana, oyilo atasanduka wotuwa, madzi akutha popanda podontha, pamenepo zadziwika. Ngakhale apo, kumbukirani kuti nthawi zambiri gasiketi imapsa chifukwa injini inayamba yatentha, kotero kuti woika yatsopano osapimitsa hedi ngati yapindika, ndi osafufuza chimene chinayambitsa, adzabwereranso ku galaja posachedwa.

Inu amene pikapu yanu imadyetsa banja ndi kulipirira ana sukulu, ikapita ku galaja, uzani amakaniko bwino lomwe nthawi imene imatentha, pemphani kuti ayese chivindikiro, fani ndi rediyeta asanamasule hedi, ndipo akatha, muithire madzi oyera osakaniza ndi kulanti, osati a pamjigo.