Amene amayankha "eya" pa chilichonse: aulumali wa muubongo akafika kupolisi ndi kukhoti

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli mtsikana kapena mnyamata amene anthu amangoti mutu wake sukoka bwino. Thupi ndi la munthu wamkulu, koma kuwerengera chenje sangathe, ndipo sukulu adalekezera Sitandade 2 atabwereza kangapo. Ndi amene timamutuma kuchigayo ndi kumjigo chifukwa sakana. Kuchipatala timati ali ndi ulumali wa muubongo.

Si misala ayi. Misala nthawi zambiri imagwira munthu amene adakula bwinobwino, ndipo mankhwala amathandiza. Ulumali uwu umayamba munthu ali mwana ndipo amakhala nawo moyo wake wonse. Ife azamba timadziwa kumene umachokera: kubanika pobadwa mayi akachedwa kuchira, chikasu chachikulu mwa khanda, malungo ogwira ubongo, matenda oumitsa khosi, kusowa kwa ayodini mwa mayi woyembekezera, kapena chibadwa monga Down syndrome. Kukhwima kwa bambo wake sikulowapo.

Kusakana kumene timamukondera n'komwe kumamuika m'mavuto. Mtsikana wotere amamugwiririra anthu odziwa kuti sadzatha kufotokoza. Mnyamata wotere amamutuma kunyamula katundu wakuba, ndipo akagwidwa amavomera mlandu wonse. Onse awiri amadutsa m'manja mwa achipatala asanaime pamaso pa woweruza, ndipo zimene zalembedwa papepala la chipatala zimatha kumanga kapena kumasula mlandu. N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za amene amatsogolera ntchito m'chipinda choyezeramo, kaya ndi sisitala wamkulu, kilinikala ofisa kapena dokotala.

Tiyambe ndi mtsikana. Gawo 139 la malamulo a milandu, Penal Code, limaletsa kugona ndi mkazi waulumali wotere. Lidalembedwa m'nthawi ya atsamunda ndi mawu achingerezi onyoza akuti idiot ndi imbecile, koma cholinga chake n'kuteteza. Vuto limakhala umboni. Khoti limafuna kudziwa kuti zidachitika liti, kuti, ndipo adachita ndani. Mtsikanayo masiku sawadziwa. Mukamufunsa kuti, "Linali Lachiwiri?" ayankha kuti eya. Wina akabwera n'kufunsa kuti, "Linali Lachisanu?" ayankhanso kuti eya. Mukamupatsa mayankho awiri kuti asankhe, kawirikawiri amatola lomaliza lomwe lamveka m'khutu. Sakunama, adaphunzira kuyambira ali mwana kuti akavomera, akuluakulu amasiya kumukalipira. Koma kukhoti, woimira woganiziridwa amangoika mayankho awiriwo pambalipambali n'kunena kuti mboniyi ndi yosadalirika.

Namwino wodziwa ntchito safunsa motero. Amati, "Tandiuze zimene zidachitika," kenaka amakhala chete, ngakhale chetecho chitalike. Za nthawi amafunsa potengera zimene mtsikanayo amazidziwa: kodi linali tsiku la msika, mudali mutadya nsima, amayi anali kumunda? Amalemba mawu ake momwe wawanenera, ngakhale akhale achibwana, osawakonza kuti amveke bwino. Amapezanso kamphindi kocheza naye popanda amene wamuperekeza, chifukwa nthawi zina woperekezayo ndi yemweyo wochita zoipazo, kapena akuteteza mlamu wake.

Zonsezi zimadya nthawi, ndipo panja pamakhala mzere wa odwala. Namwino wachinyamata sangaime yekha n'kunena kuti wodwala mmodziyu atenga ola lathunthu. Amene angatero ndi mkulu wa wodi. Iye ndi amene amapeza chipinda chotseka chitseko, amachotsa namwino mmodzi pamzere, amaletsa ophunzira kuunjikana kudzaonerera, ndipo amakana kuti mtsikanayo afotokoze nkhani yake kasanu kwa anthu asanu. Ophunzira athu ku koleji ndimawauza kuti sisitala wamkulu mudzamudziwa pa tsiku lotere, osati pa kuwala kwa yunifolomu.

Palinso nkhani ya chilolezo. Ngakhale akhale waulumali, thupi ndi lake. Timamufotokozera pang'onopang'ono, kumuonetsa chimene tigwiritse ntchito, ndipo akakana timaima. Kumugwira manja ndi miyendo kuti ayezedwe n'kumubwerezera nkhanza yomweyo. Ndipo polemba lipoti, mtsogoleri wabwino amaonetsetsa kuti pasalembedwe kuti "palibe chachitika" chifukwa choti mabala sanaoneke. Ambiri ogwiriridwa sapezeka ndi bala, makamaka pakapita masiku. Wachipatala amalemba zimene wamva ndi zimene waona. Kugamula ndi kwa khoti.

Kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe kuli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi aulangizi amapezeka pamodzi kuti wovulazidwa asazunguliridwe m'maofesi. Ambiri a inu muli kutali ndi malo amenewa, choncho chipatala chapafupi ndi ofesi ya Victim Support Unit kupolisi ndiko koyambira.

Apa ndiye pali gawo lanu, amayi anzanga, chifukwa ndinu oyamba kumva. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Musadikire kuti amalume abwere kuchokera ku tauni kapena kuti amfumu aitanitse bwalo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala sayenera kudikira kalata ya kupolisi. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zake musachape. Zikulungeni m'pepala kapena mu envelopu ya khaki, osati m'jumbo, chifukwa m'pulasitiki chinyezi chimawononga umboni. Musamufunsefunse kunyumba kapena kumuphunzitsa chokanena. Mukasowa kolowera, nambala ya 116 ya Tithandizane ndi yaulere. Kugwiririra si mlandu wa mbuzi kapena nkhuku. Wolipira mbuzi mawa amabwereranso, poti wadziwa mtengo wake.

Mabanja ena amabwera ndi pempho lakuti, "Ingomutsekani asabereke." Ndimawamvetsa kutopa kwawo, koma kutseka kumangobisa mimba. Wogwiririrayo amapitiriza, tsopano wopanda chomuululitsa.

Tsopano mnyamata uja wagwidwa ndi mbuzi ya eni. Malamulo aakulu a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete. Koma ufulu umene munthu saumvetsa sumuthandiza. Amadinda chala pa sitetimenti imene sangaiwerenge, ndipo woweruza akafunsa ngati akuvomera mlandu amati eya, mwina akumwetulira, anthu n'kumati alibe chisoni. M'chitokosi amamulanda chakudya, ndipo ngati ali ndi khunyu, monga ambiri a iwo, mankhwala ake amatsala kunyumba.

Khoti likakayika za mutu wa woimbidwa mlandu limatha kulamula kuti akayezedwe, ndipo ambiri amapita ku Zomba Mental Hospital. Kumeneko wotsogolera ayenera kusiyanitsa bwino matenda a misala ndi ulumali, n'kuuza khoti momveka ngati munthuyu akumvetsa mlandu wake ndiponso ngati angathe kudziteteza. Sindikunena kuti waulumali salakwa. Ena amalakwadi, ndipo wolakwiridwa naye amafuna chilungamo. Koma jekeseni wogonetsa sachiza ulumali, ndipo kumusunga m'wodi miyezimiyezi podikira pepala si chithandizo. A St John of God, amene adayamba ntchito ku Mzuzu mu 1993, amaphunzitsa anamwino ndi makilinikala ofisa a zaumoyo wa maganizo, komabe akatswiri otere ndi ochepa m'maboma mwathu.

Malo otsekera anthu osatha kudandaula amawonongeka msanga akuluakulu akagona, ngakhale m'maiko olemera. Mu 2011 wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa nkhanza zimene zinkachitika pa Winterbourne View, chipatala cha anthu aulumali wotere pafupi ndi Bristol ku England. Odwala ankamenyedwa, kukanikizidwa pansi ndi mipando ndi kuthiridwa madzi ozizira. Namwino wina wamkulu adali atadandaula kale kwa mabwana ake ndi kwa oyendera zipatala, koma sadamumvere. Ogwira ntchito 11 adavomera milandu, 6 adapita kundende, ndipo chipatalacho chidatsekedwa. Ndalama zidalipo, nyumba idali yabwino. Chidasowa ndi mkulu woyenda m'wodi usiku, wowerenga mabuku a malipoti, ndi womvera wamng'ono akabwera ndi dandaulo.

Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 13 ya panganoli imati athandizidwe kuti atenge nawo mbali m'khoti monga mboni kapena oimbidwa mlandu, ndiponso kuti apolisi ndi oyang'anira ndende aphunzitsidwe. Izi zimagwira ntchito pokhapokha wina atauza wapolisi kuti munthuyu ndi waulumali, chifukwa pankhope sizioneka nthawi zonse. Mayi wa mumphakati angathe kupita kupolisi ndi buku lake la kuchipatala ndi mankhwala ake a khunyu, n'kupempha kuti pomufunsa pakhale wachibale kapena wina womudziwa. Angathenso kudziwitsa a Legal Aid Bureau, kapena a Chilungamo ndi Mtendere a m'parishi mwathu.

Kwa mtsikana uja, ntchito siithera tsiku loyezedwa. Sangakumbukire yekha kumwa PEP masiku 28, ndipo mankhwalawa nthawi zina amachititsa nseru moti amawalavula mobisa. Pafunika mayi mmodzi womuyendera tsiku lililonse nthawi yofanana, womuperekeza kukayezetsanso magazi pa tsiku limene achipatala alemba m'buku, ndi wokhala naye pabenchi tsiku la khoti, limene limatha kusinthidwa kangapo mlandu usanayambe.