Chokokolera Masamba cha Nsungwi: Pangani Nokha Pakhomo

Mwezi wa Ogasiti ukafika, mitengo ya malaina yomwe yazungulira nyumba ndi zigafa m'maesiteti ambiri imayamba kuyoyola masamba. Mmaŵa uliwonse amayi ndi ana amagwira tsache, kusesa bwalo, kuunjika masambawo ndi kuwatentha. Kukacha, ena agwanso.

Alimi anzathu, moto umenewu ndi woopsa. Nthaŵi imeneyi udzu wofolera chigafa umakhala utauma gwa, ndipo ena a inu mumakhala mudakali ndi mabelo odikira ulendo wa ku okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu. Kamvulumvulu akangonyamula tsamba limodzi loyaka, thukuta la chaka chonse latha, ndipo ngongole ya feteleza imatsala pomwepo. Komanso masamba amene mukutenthawo ndi manyowa. Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi kutola ndi kututa kwake, ndipo ntchitoyi imapepuka ndi zipangizo zosafuna ndalama.

Choyamba ndi chokokolera. Dulani nsungwi yokhwima koma yaiŵisi, yotalika mapazi 6, yokwana bwino m'manja. Kuchokera kunsonga imodzi yezani mainchi 18, ndipo pamenepo mangani zolimba ndi waya kapena malegeni. Musaiŵale kumanga musanayambe kung'amba, chifukwa mukapanda kutero mng'alu udzathamanga mpaka kumpini. Tsopano ng'ambani nsongayo ndi chikwanje kuti patuluke mano 10 kapena 12, ndi kupala mfundo zam'kati ndi mpeni. Tengani timapande tiŵiri ta nsungwi totalika phazi limodzi ndi theka, kamodzi pamwamba pa mano, kena pansi. Tambasulani manowo ngati zala za dzanja ndi kumanga dzino lililonse pakati pa timapandeto.

Kupinda mano ndiye pofunika kudekha. Wothetsani nsonga za mano pa makala, osati pa laŵi, mpaka nsungwi itayamba kutuluka thukuta. Pindani mainchi aŵiri akunsonga kuloza pansi, ndipo gwirani chomwecho m'madzi ozizira kwa kanthaŵi. Dzino limodzi likathyoka musataye mtima. Ngakhale amisiri amathyola. Ena amakhomera misomali pa thabwa, koma chotere chimakumba nthaka ndi kubaya masamba, nkumangoima kuti muwazule. Cha nsungwi chimayenda pamwamba, kusiya dothi pamalo pake. Tsache silitero: taonani m'mene maziko a nyumba zakale aonekera poyera chifukwa chosesa zaka ndi zaka.

Pemphani kaye kwa kapitawo kapena mwini esiteti musanadule nsungwi za m'mbali mwa mtsinje, pakuti zimagwira nthaka ndipo zimafunikanso pa ntchito za chigafa.

Potuta, dengu limachepa. Masamba ouma ndi opepuka koma amadya malo. Tumbulani ziguduli zinayi zakutha, zisokeni pamodzi, ndipo m'mbali ziŵiri pisani mitengo iŵiri yowongoka kuti zikhale ngati machila. Yalani pansi, kokolerani masamba pamwamba pake, anthu aŵiri anyamule. Tikunena ziguduli, osati matumba a feteleza. Matumba amenewo akatha amanyotsoka, ndipo ulusi wake wa pulasitiki ukaloŵa m'fodya pamodzi ndi nthenga za nkhuku kapena zinyalala zina, ogula amabweza belo. Ngati palibe china koma matumbawo, machila otere asayandikire pamalo osankhira fodya.

Masambawo apite kuti? Zikani mitengo inayi pamthunzi, kutali ndi chigafa, kusiya mapazi 5 pakati pa mtengo ndi unzake, ndipo tchingani ndi mapesi kapena bango kuti mphepo isawamwazenso. Masamba ouma paokha amachedwa kuwola. Ikani masamba okwana chikhatho chimodzi kuchindikala kwake, pamwamba ndowe za ng'ombe, zitosi za nkhuku kapena za mbuzi, phulusa pang'ono ndi dothi, kenaka thirani madzi, ngakhale otsukira mbale. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Mukaizula pakapita sabata nkupeza yatentha, manyowa akupsa. Tembenuzani mulu pakatha milungu itatu iliyonse, ndipo amene wayamba mu Ogasiti adzakhala ndi chothira m'munda wa chimanga kapena kudimba mvula yobzalira ikamagwa.

Masamba a bulugamu amachedwa kwambiri kuwola, choncho achepe m'mulumo. Mitengo ya fodya ndi zinyenyeswa zake zisaloŵemo konse, chifukwa zimasunga matenda amene angabwerere m'munda. Zimenezo zitenthedwe pazokha monga alangizi amanenera, tsiku lopanda mphepo, munthu wamkulu ataima pomwepo ndi ndowa ya madzi.

Mukaŵeruka, kolekani chokokolera pakhonde, mano ataloza kukhoma. Chikagona pansi chiswe sichichedwa kuchipeza.