Kodi Injini Yaikulu Ingapindulitse Boti Lanu?

 Nkhani yathu lero ikukhudza maboti a injini amene anthu amayendera pokapitidwa mphepo, pokaŵedza mongosangalala, kapena ponyamula alendo okaona zilumba monga Thumbi ndi Domwe ku Cape Maclear. Asodzi nanunso tcherani khutu, pakuti madzi ake ndi omwewo ndipo injini zake nzofanana.

Mwini boti aliyense tsiku lina amaona kuti liŵiro likumcheperako. Mnzake akangompitirira panyanja ndi kumsiyira mafunde, pofika pagombe mtima umakhala uli kale pa injini yaikulu. Ndalama zake sizochepa, ndipo kaŵirikaŵiri zimachokera m'thumba lomwelo la fizi ya ana. Tsono tisanapite kusitolo, tiyeni tifunse chimene ndalamazo zidzagula.

Yankho liyambira pa kapangidwe ka boti lenilenilo. Alipo maboti olemera, ozama mimba, amene amayenda mong'amba madzi monga pulawo ing'ambira nthaka. Ambiri mwa maboti a matabwa ndi otere. Liŵiro la boti lotere limadalira kutalika kwake, chifukwa likamathamanga limadzikumbira dzenje pakati pa funde la kutsogolo ndi la kumbuyo, ndipo kutulukamo nkovuta. Boti la mtundu umenewu lotalika mamita 8 limalekezera pa makilomita pafupifupi 13 pa ola. Mukalipachika injini yoposa pamenepo, kumbuyo kumangozama, mphuno imadzuka, funde limakula, petulo natha. Eni maboti otere asadzivute. Injini yaikulu idzangoŵapatsa phokoso.

Mtundu wachiŵiri ndi wa maboti opepuka, osalala kunsi, nthaŵi zambiri a faiba kapena aluminiyamu, amene akafika pa liŵiro lina amadzuka ndi kutsetsereka pamwamba pa madzi. Aŵa mphamvu imaŵathandizadi, koma osati monga tiganizira. Akatswiri okonza maboti amaŵerengera kuti pofuna kuŵirikiza liŵiro kaŵiri, mphamvu iyenera kuŵirikizidwa kanayi. Tiyerekeze kuti boti lanu lili ndi injini ya hosipawa 40 ndipo limathamanga makilomita 40 pa ola. Mukaika ya hosipawa 60, mudzafika pa makilomita 49, mwinanso osakwana, popeza injini yatsopanoyo njolemera. Ulendo wa makilomita 10 umene unkakutengerani mphindi 15 udzakutengerani mphindi 12 ndi timasekondi pang'ono. Mwagula mphindi zosakwana zitatu.

Nanga petulo? Injini yotsegulidwa mphamvu yonse imamwa malita pafupifupi 4 pa ola pa hosipawa 10 aliyense, ndipo injini zakale zosakaniza petulo ndi oyilo zimaposa apo. Choncho ya 40 idzamwa malita 15 kapena 16 pa ola, pamene ya 60 idzamwa 23 kapena 24. Aliyense amene anaimapo pamzera wa petulo ndi chigubu m'manja adziŵa kulemera kwa manambala ameneŵa.

Pali chinanso chimene ogulitsa satchula. Liŵiro lolembedwa m'mabuku a injini limayesedwa kaŵirikaŵiri kunyanja yamchere, pamene nyanja ya Malaŵi ili pamtunda wa mamita oposa 470. Mpweya ukapepuka injini imafooka: pa mamita 300 alionse okwera imataya magawo atatu mwa 100 a mphamvu yake, kotero kuti kuno imasoŵa kale magawo pafupifupi asanu. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumachotsakonso ina. Ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukaomba, amene amalamula liŵiro ndi mafunde. Woyendetsa wanzeru amachepetsa moto ngakhale injini ikhale yotani, kuopa kuthyola misana ya okwera ndi kung'amba boti.

Kunena zoona, maboti ambiri amene eni ake amati ngofooka sanasoŵe mphamvu. Anangotaya imene anali nayo. Boti lokhalitsa m'madzi limamera ndere kunsi, ndipo ndere zimagwira madzi ngati bulangete. Litulutseni, mulikweche bwino. Kenaka onani katundu amene wakhala akuunjikana: nangula wachiŵiri, zigubu, batire yakufa, ndiponso madzi obisala pansi pa thabwa lopondapo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye malita 60 obisala ndi munthu wathunthu amene mumamnyamula ulendo uliwonse osalipira. Mapulagi akale, sefa ya petulo yotsekeka ndi injini yopachikidwa motsika kwambiri zimabanso liŵiro. Kachitsulo kafulati kamene kali pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi kunsi kwa boti. Zonsezi mtengo wake ndi thukuta ndi ndalama pang'ono za makaniko.

Tsopano tifike pa pulopela, pakuti apa mpamene ndalama yochepa imagwira ntchito yaikulu. Pulopela ili ngati giya ya njinga. Pa iyo pamadindidwa manambala aŵiri: loyamba ndi kukula kwake, lachiŵiri ndi mainchi amene ikadasuntha pa kuzungulira kumodzi ikadakhala ikuboola chinthu cholimba monga sikuluu m'thabwa. Buku la injini yanu limanena kuti ikatsegulidwa mphamvu yonse izizungulira kangati pa mphindi. Zambiri zosakaniza oyilo zimafuna pakati pa 4,500 ndi 5,500. Pemphani makaniko abwere ndi wotchi yoŵerengera kuzungulira kwa injini, mukweze anthu ndi katundu amene mumanyamula masiku onse, muyese m'maŵa nyanja ili bata. Ngati injini ikulephera kufika pa nambala ya m'buku, pulopela yanu njolemera, ndipo injiniyo ikuvutika ngati munthu wokwera chitunda pa giya yothamangira. Kuchepetsa inchi imodzi pa nambala yachiŵiri ija kumaonjezera kuzungulira ndi 150 kapena 200. Ngati ikupyola nambala ya m'buku, pulopela njopepuka, ndipo injini ikudzipweteka pachabe.

Ena amasirira pulopela ya chitsulo chosachita dzimbiri. Mapiko ake ngopyapyala ndi olimba, ndipo pa boti lothamanga imaonjezerako liŵiro pang'ono. Koma mtengo wake umaposa wa aluminiyamu kangapo, ndipo ine sindingaiyamikire kwa munthu woyenda pakati pa miyala ya ku Cape Maclear kapena m'mtsinje wa Shire kumene kuli zitsa ndi mchenga. Ya aluminiyamu ikagunda mwala imapindika, inu nkuikapo ina pompo. Yachitsulo imapirira, koma nkhonyayo ingathe kupitirira mpaka ku shafuti ndi magiya, kumene kukonza kwake kumaliza munthu.

Kodi ndiye kuti injini yaikulu ilibe malo? Ilipo nthaŵi yake. Ngati boti ndi la mtundu wotsetsereka, mwalikwecha, mwalipepuza, pulopela njoyenera, koma likanyamula banja lanu limakanikabe kudzuka ndipo limangoyenda mphuno ili m'mwamba, pamenepo mphamvu njoperewera ndithu. Boti lokakamira pakatikati chotero ndilo limamwa petulo kwambiri pa kilomita, ndipo woyendetsa saona bwino kutsogolo, kumene kungakhale bwato la msodzi kapena mwana wosambira. Injini yokulirapo imalidzutsa msanga, kenaka mumabweza moto ndi kuyenda mosakakamiza. Chimodzimodzi amene akufuna kukoka munthu wotsetsereka pa thabwa kumbuyo kwa boti.

Ngakhale zitero, malire alipo. Maboti ambiri a kufakitale ali ndi kachitsulo kolembapo hosipawa yaikulu imene angalandire ndi chiŵerengero cha anthu okwera. Musapyole nambala imeneyo. Injini yonse imapachikidwa pa thabwa limodzi lakumbuyo, ndipo kulemera kukachuluka thabwalo limatsikira kufupi ndi madzi, kotero kuti mukaima mwadzidzidzi funde lanu lomwe limaloŵera kumbuyo. Musanalipire kanthu, gwirani mwendo wa injini imene ilipoyo, muukankhe m'mwamba ndi pansi mukuyang'ana thabwalo. Likamagwedera, kapena pa mabawuti pakamatuluka madzi abulauni, laola m'kati, ndipo ndalama zanu ziyambe zapita kwa wokonza maboti.